Chibangili Chachitsulo Chili M'kabati

Krishnanagar,
9 Novembala.

Okondedwa achemwali anga a Papiya,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Pune pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili gwa, musamvere za anthu. Ndalemba kuti nkhani ya dzanja langa muimve kwa mwini wake, chifukwa ikafika kudzera mwa azakhali idzakhala itamera nyanga.

Mukudziwa kuti chiyambire kudwala impso, mitsempha yanga yatopa ndi masingano a makina otsuka magazi. Ndiye madokotala anandiika mtsempha wopanga, kapaipi kofewa pansi pa khungu la mkono wamanzere. Mukakagwira kamanjenjemera ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Bola kakunjenjemera, magazi akuyenda. Kakangoti zii, ndiye kuti magazi aundana, thamangira kuchipatala. Mapiritsi oletsa kuundana ndimamwa osaphonya, mkonowo sindiugonera, ndowa sindinyamula, ndipo pamenepa pokha sindidandaula. Koma lamulo lina linali lakuti pamkonopo pasakhale chothina chilichonse.

Apa mpamene panagona nkhani. Chibangili chachitsulo chimene apongozi anandiveka tsiku lolowa m'nyumba muno chimakhala kumanzere komweko, ndipo inu mukudziwa kuti amavula chimenechi ndi akazi amasiye okha. Anamwino anachichotsa ndi sopo tsiku la opaleshoni. Nditabwera kunyumba, apongozi sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana dzanja. Anayamba kundinyengerera, kenako kulira, amvekere ndikumuyitanira mwana wawo imfa. Alamu anu akangotsokomola, maso onse pa ine. Ndinayesa kuchivala kumanja, iwo akuti kumanja n'kukongoletsa chabe, sikuteteza mwamuna.

Musaganize kuti ndi oipa. Amuna awo anamwalira iwo akadali mtsikana, ndipo amakumbukira mmene anawaswera zibangili. Mantha awo ndinawamvetsa, mwinanso pang'ono ndinali nawo.

Tsiku lomaliza la chikondwerero cha Durga Puja, amayi onse okwatiwa akukonzeka kukapakana utoto wofiira, apongozi anabwera nacho chibangili chija m'mbale pamodzi ndi mafuta a kokonati. Mkono unali wotupa, koma anati ndi mafuta chilowa. Ine ndinakana mwaulemu, dzanja ndabisa m'nsalu yanga ya sari. Anakweza mawu, amayi apafupi n'kudzadza pakhomo ngati pali zogawa.

Alamu anu, munthu amene sanayankhepo amayi ake chibadwire, anasiya nsomba imene ankapala, nabwera mamba ali m'manja. Anagwira zala za amayi ake n'kuziika pamkono panga. Apongozi anadzidzimuka, akuti muli chamoyo.

"Eya, amayi, n'chamoyo. Mukachimanga ndi chitsulo, chifa, mpongozi wanu n'kutsatira. Ndiye ine mukufuna ndikhale zaka zana kuti ndizikangana ndi ndani?"

"Iwe, usandiseke! Ine ndikuteteza iwe."

"Ndiye tetezani uyu. Chibangili changa ndi chimene mwagwiracho."

Wina pakhomo anati, "Aa, Jhuma, unamudyetsa chiyani bamboyu?" Anthu anaseka, ine misozi ili m'maso, chifukwa sindinkadziwa kuti mwamuna wanga ali ndi pakamwa. Apongozi sanaseke. Anakulunga chitsulo chija m'kansalu, n'kuchiika m'kabati pafupi ndi milungu yawo. Kukachisi ndinapita dzanja lili lopanda kanthu, mutu uli m'mwamba, utoto n'kundipaka ngati wina aliyense.

Sindinganene kuti agonja. Mpaka lero sandilankhula bwino. Koma m'mawa uliwonse akamandipatsa tiyi amandigwira mkono ngati mwangozi, n'kumvetsera kaye kunjenjemera kuja, kenako n'kuchoka akung'ung'udza za mtengo wa anyezi. Tsiku lina anamukalipira namwino watsopano amene ankafuna kundiyeza kuthamanga kwa magazi kumanzere. Mtsikanayo mpaka anapepesa kawiri.

Adokotala akuti kapaipika tikasamale, chifukwa kumanja anayesa kale kunakanika, ndipo malo ena abwino palibe. Izi musawauze amayi athu. Ine sindikuopa, ndikakasamala kandisamala.

Tsopano pempho langa. Chithunzi chimene anatijambula pachikondwerero chija chikafika kwa amayi, mukhale nawo pafupi asanachione. Muwauze asalire akaona dzanja langa, mkamwini wawo ali moyo, akungonenepa. Munditumizireko malaya a manja otakasuka awiri, aja a thonje. Ndipo munkati mudzabwera ana akatsekera sukulu chaka chamawa. Bwerani chisanu chino, achemwali. Sikuti pali kanthu ayi, ndangofuna mudzayike zala zanu pamkonowu mumve nokha.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwagwire mapazi powapatsa ulemu m'malo mwanga. Ndasiya kaye cholembera kuti ndimve: njuchi yanga ikulirabe.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Jhuma