Amuna anga akundifunsa kuti mkazi wawo abwera liti

Aphungu,

Amuna anga anali ometa tsitsi, olongolola kwabasi, moti anthu ankabwerera nthabwala kuposa lumo. Kenako anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, mawa lake njira yakuntchito, mapeto ake mayina a ana. Adokotala anati ndi matenda a muubongo oiwalitsa, natipatsa mapiritsi oti azimwa limodzi patsiku.

Aphungu, munthu anabwerera! Tsiku lina ndikusita malaya ndinangomva, "Abwana, kolalayo mwaiwotchanso?" Ndi mmene ankanditchulira kuyambira tili pachibwenzi. Ndinalira simbi ili m'manja.

Pano zayambanso kuzilala. Amakhala pampando wawo wometera uja, womwe tinauika pabalaza, maso ali kukhomo. Dzulo anandifunsa mwaulemu, "Pepani mayi, mkazi wanga abwera nthawi yanji?" Apo n'kuti nditawagwira dzanja.

Ndamusowa munthu ndili naye m'nyumba. Kodi ndiziwapatsa mapiritsi awiri? Mwana wathu wamkazi akukana, koma iye madzulo amapita kwa mwamuna wake amene amamudziwabe dzina.

E.N.

Mayi E.N.,

Mwana wanuyo akunena zoona, musawonjezere.

Muubongo, minyewa sigundana. Pakati pake pali kampata, ndipo uthenga umawoloka pamenepo utanyamulidwa ndi timadzi tapadera. Palinso chinthu china, madokotala amati enzaimu, chomwe chimasesa timadzito tikamaliza ntchito. Kwa bambowo timadziti tachepa, ndiye mapiritsi amagwira dzanja wosesayo kuti uthenga upeze mpata wowoloka. N'chifukwa chake anakukumbukirani. Koma mankhwalawa saletsa minyewa kufooka, ndipo imene yatha sangaidzutse.

Bwererani nawo kwa adokotala sabata ino, mukafotokoze zonse. Akhoza kusintha mlingo kapena mankhwala, komanso awayeze, poti nthawi zina kamatenda ka m'chikhodzodzo kokha kamasokoneza mutu wa munthu wamkulu.

Akafunsanso za mkazi wawo, musalimbane nawo kuti "ndine ndemwe". Khalani pansi muwafunse, "Mkazi wanuyo ndi wotani?" Mwina mumva zomwe sanakuuzenipo pamaso. Mwanayo azikulandirani masiku ena, inunso mukapume kwa anzanu, mukalire momasuka.

Koma chenjerani, mayi. Mankhwalawa akachuluka amasanzitsa, amachedwetsa kugunda kwa mtima, munthu mpaka kukomoka. Piritsi lachiwirilo lingakulandeni ngakhale bambo amene mwatsala nawowa.