Mavitamini a Mpongozi Wanga

Asuweni,

Moni kumeneko. Ife tilipo, kupatula amuna anga ndi mapapo awo aja. Akamapuma akumalira ngati ketulo.

Mpongozi wanga wawabweretsera mavitamini, ati chimfine chisawatsikire m'chifuwa. Chikondi chimenechi chayamba liti, munthu woti sanawapatsepo ndi madzi akumwa omwe? Kamankhwala kopopera mkamwa ka kuchipatala kaja anakabisa, ati, "Amayi, kamafoola mtima." Dokotala ndi iyeyo tsopano.

Dzulo ndinamupeza m'chipinda mwa amuna anga akuyeza zenera, ati akufuna makatani atsopano. Eni chipinda ali gone pomwepo, akumuyang'ana.

Mufunseni mwana wanu namwinoyo ngati mavitamini amalowa m'malo mwa kopopera. Ayankhe msanga, kuzizira kwayandikira.

Kopoperako ndinakapeza. Ndikumakamangirira m'chiuno.

Ndine msuweni wanu uja.