Anajomphedwa ndi Mbalame, Pano Akukana Chipatala

Aphungu,

Ndithandizeni, bambo akunyumba andithetsa nzeru. Mwezi watha a Clive akupalasa njinga, magipayi wa mumtengo wa pasukulu uja anawajompha khutu. Mukudziwa mmene mbalame zimenezi zimalusira zikaswa ana. Magazi chuu! Ine ndi mantha anga ndinathamangira nawo kuchipatala chachikulu, mbali ya odwala mwakayakaya.

Tinakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, iwo atagwirizira thaulo pakhutu. Anthu obwera m'mbuyo mwathu ankangolowa. Atadandaula, nesi anati, "Bambo, khutu lanulo silithawa." Anzawo opalasa nawo njinga akuwasekabe mpaka lero, akuti, "Clive, chimunthu chonsechi kugonja kwa mbalame!" Ndiye a Clive analumbira kuti kuchipatalako sadzapondakonso.

Koma dzana akutchetcha kapinga anangoima, n'kugwira pachifuwa, thukuta kamukamu. Akuti, "Ndi soseji ndinadya ija, usandivute Noreen." Zinatha zokha. Ine ndikuopa, Aphungu. Zikabweranso ndiwatengere kukiliniki ya zovulala zing'onozing'ono ya kwathu kuno, poti kumeneko sakana?

N.R., Ballarat

Mayi N.R.,

Ya khutuyo ndaseka, pepani. Koma tsiku limenelo munalowa khomo lolakwika. Khutu lojomphedwa, phazi lobinya, kabala kofuna kusoka, zimenezo n'za kukiliniki mukunenayo, ndipo mukanabwerako msanga. Kwa akayakaya sayang'ana amene wafika poyamba, amayang'ana amene moyo ukumuthawa. Auzeni a Clive kuti kusiyidwa pabenchi paja inali nkhani yabwino.

Za pachifuwazo ndiye sindikuseka ayi. Lero lomwe imbirani dokotala wawo, mufotokoze zonse ndi za thukuta zomwe, awaone mwachangu. Kapingayo musiyeni akule. Zikabweranso, kapena akayamba kubanika, mkono kuchita dzanzi, pakamwa kupotoka, kukiliniki musapiteko. Galimoto yanunso musalize. Akhazikeni pansi, imbani 000, nambala ya zangozi, ambulansi iwapeze pakhomo pomwepo, chifukwa thandizo limayambira m'menemo.

Ndikuchenjezeni chimodzi, mayi: musawapemphe chilolezo. Adzakalipa, adzati mwawachititsa manyazi pamaso pa aneba, mwina osakuyankhulani sabata yonse. Asiyeni akalipe. Mwamuna wokalipa mumadzuka naye m'mawa.