Adada akana kuwiritsa mkaka wa mbuzi

Okondedwa alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Kitwe pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kambombo tilipo, koma mwana wanga Tiyezge wangochira kumene matenda otsegula m'mimba.

Nkhani yake ndi iyi. Adada anamva pa wayilesi kuti akatswiri apeza tinthu tina mu mkaka wa ziweto tomwe timapha tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Iwo anangotolapo theka, basi n'kulamula kuti mkaka wa mbuzi tisamawiritse, ati moto umapha mankhwalawo. Lachiwiri ndili kumunda, anamwetsa Tiyezge mkaka umene anakama m'mawa, utakhala m'chigubu padzuwa mpaka masana. Kutacha mwana anafooka moti ndinam'bereka panjinga mpaka kuchipatala.

Anesi anandiuza kuti tinthuto tilipodi, koma n'tochepa, sitingalimbane ndi uve wa m'manja, chigubu ndi ntchentche. Anati mkaka uziwiritsidwa nthawi zonse. Nditawafotokozera adada, anayankha kuti, “Kanesi kako ndi ka dzulodzulo, kangapose a pawayilesi?” Manje lero akamanso mkaka wina, ati mwanayo amwe kuti apezenso mphamvu. Ndautaya kuseri kwa khola, ndipo chikhalire sakundilankhula.

Chonde muwaimbire foni Lamlungu lino. Mutitumizirenso kapoto kokhala ndi chivundikiro. Polankhula nawo mukhwimitse mawu ngati a pawayilesi, poti iwo amamvera mawu ochokera kutali. Ine amene ndinachapa matewera masiku anayi, sandimva.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Eneless