Madisiki Amapasa Akukana Kufanana

Aphungu,

Ndine wokonza makompyuta pa ofesi yojambula mapulani a nyumba. Anzanga amanditcha Zimitsa-Yatsa, chifukwa amenewo ndiwo mankhwala anga pa nthenda iliyonse, ndipo sanandigwiritsepo mwala.

Kompyuta yathu yaikulu, yosunga mapulani onse, ili ndi madisiki awiri amapasa: cholembedwa pa ina chimalembedwanso pa inzake. Lolemba magetsi anathima mwadzidzidzi, mapasawo n'kusiyana. Tsopano ina ikukopera kwa inzake, koma mwa kayendedwe ka nkhono, ndipo mapulani akuchedwa kutseguka. Ikafika pa 30 peresenti mtima umandithera, ndiye ndimazimitsa n'kuyatsanso kuti ichangamuke. Ndatero kasanu ndi kawiri. Nthawi zonse imayambiranso pa ziro.

Palibe chimene sindinayese. Ndaikupiza ndi fani ya abwana, ndaisisita, mlembi wathu waiyimbira nyimbo ya kwaya mpaka vesi lachitatu. Dzulo abwana, thukuta lili kamukamu, anati, "Likafika Lachisanu zili chonchi, ndizimitsa iweyo, ndipo sindikuyatsanso." Ndili ndi mantha, Aphungu. Mayi akunyumba sindinawauze.

Z.Y., Kuseri kwa Kompyuta

A Z.Y.,

Wodwala apa si kompyuta ayi, ndi chala chanucho. Chiikeni m'thumba. Makina anuwo akazima amaiwala pomwe analekezera. Mwabweza wapaulendo pakhomo kasanu ndi kawiri, n'kumadabwa kuti sakufika!

Lero lomwe koperani mapulani ofunika pa disiki yapadera, chifukwa panopa mwaima ndi mwendo umodzi. Kenako tcherani khutu. Disiki ina ikamagogoda, kapena lipoti la makinawo likamatchula malo owonongeka pa disikiyo, imeneyo yatha, gulani ina. Ngati onse awiri ali amoyo, anzanu akaweruka kwezani malire a liwiro la kukoperako, kuti mapasawo akambirane popanda wowasokoneza.

Zikatha, tsegulani kambali ka m'makinamo kamene kamasunga pomwe ntchito yokopera yalekezera, kuti akadzazimanso asadzayambirenso pa ziro. Abwana agule batire yogwirizira magetsi akathima, ndipo muwabwezere fani yawo, mwina ukali wina ndi wa kutentha. Mayi auzeni. Mutu umodzi susenza denga, komanso angakuthandizeni kulondera chalacho.

Chenjezo langa ndi ili: kompyutayo idzafika pa 99 peresenti n'kuima ngati yafa. Khalirani manja anu onse awiri. Mukangodina batani lozimitsira lija, kalata yanu yotsatira idzakhala yofunsira ntchito, ndipo ine sindilemba anthu ntchito.

Aphungu