Njinga ya amake Lusayo

Mirrabooka, Perth

Okondedwa achemwali a Callista,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija lasiya kukuvutani? Kuno ine ndi Lusayo tilipo. Ntchito ku Kewdale ndayambiranso, ndiye masana amathako msanga.

Katundu wa malemu amake Lusayo ndalongedza monga anapemphera akuchikazi, kuti akagawane tsiku lotsegula chiliza. Zovala ndi nsapato zili m'makatoni. Yatsala njinga yawo, ija alamu a Jones, mlongo wa malemu, anaitchula pafoni ataiona pachithunzi.

Loweruka ndinati ndiiyese kaye ndisanaimasule. Chishalo chake n'chachifupi kwa ine, maondo ankachita kugunda mahandulo, koma mtima wochikweza ndinalibe. Ndinapalasa choncho mpaka m'tauni, ku Hay Street, msewu wa masitolo akuluakulu umene iwo ankadutsa akaweruka kuchipatala. Za kumeneko ndinkangozimva akamandifotokozera tikudya.

Anthu anali pikitipikiti, ndiye ndinatsika n'kumaikankha. Zonse ndinazipeza mmene ankanenera: zidole zovekedwa madiresi kuseri kwa magalasi, kanjira kopapatiza kokhala ndi wotchi pamwamba, oimba magitala m'mbali mwa msewu. Pa kasitolo kena ka khofi, mayi wachizungu anayang'anitsitsa kachitenje kamene malemu anamanga pa kaliyala. Anandifunsa kuti nesi wokonda kuseka uja wasowa bwanji masiku ano. Ndinamuyankha kuti anapita kumudzi. Iye anati ndikawapatse moni. Sindinaname, achemwali, paja munawalandira nokha pabwalo la ndege.

Nditafika kunyumba, Lusayo anaikwera n'kuzungulira pabwalo. Chishalo chija chinamukwana ndendende. Atatsika anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati nayonso ikupita.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amalume a malemu mukawagwadire m'malo mwanga, kuti njingayi itsalire mwanayu. Sindikukana mwambo ayi. Akati itumizidwe, ndiitumiza. Alamu a Jones ndidzawapezera ina konko. Ndikanaimba ndekha, koma nkhani yotere si yapafoni.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga ndi ana onse, osaiwala apongozi. Sipanala ili pawindo, sindiigwira mpaka ndimve kwa inu.

Ine mlongo wanu,
Flywell