Sabata imene Timoteo anachoka ndi anzake

Lolemba, 10 Maio 1965

M'kalasi langa la kwarta, la chaka chachinayi, mwasowa ana asanu ndi awiri. Timoteo, amene ndinamusankha ndekha kukhala mtsogoleri wa kalasi, ndi anzake asanu ndi mmodzi. Ngalawa ya a Issufo nayonso palibe pagombe. Anthu akuti apita kumpoto, ku Tanganyika, kumene anyamata akuthawira masiku ano kukaphunzira mfuti. Palibe akunena mokweza.

Ndaphunzitsa basi. Mitsinje ya ku Portugal. Ana otsalawo aitchula motsatana ngati nyimbo. Ndayang'ana mabenchi opanda anthu aja, mumtima muli zii.

Mwera wayamba.

Lachiwiri, 11 Maio

Amayi a T. abwera nthawi yopuma. Anakhala pansi pakhomo la kalasi, miyendo chotambalala.

“Aphunzitsi, ine mwana ndinakupatsani kuti adziwe kulemba. Nanga za Lachinayi zija munkamuphunzitsa chiyani?”

Ndawauza zoona. Lachinayi lililonse tikaweruka ndimatsala ndi ana akuluakulu. Timaphunzira kuyendetsa msonkhano, kudikira mnzako amalize kulankhula, kuweruza ndewu ya ang'onoang'ono popanda ndodo, kugawana ntchito pofolera denga. Zaka zitatu tsopano. Za nkhondo sindinatchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Anangoti, “Ohoo.” Anasasa fumbi pa nsalu yawo ya kapulana n'kumapita.

Lachitatu, 12 Maio

Ndachonga makope. La T. lili momwemo, masamu onse wakhoza. Ndalichonga ngati ena onse n'kulibwezera pamulu.

Lachinayi, 13 Maio

Ndapita pa ola lathu lija chifukwa miyendo inazolowera. Anabwera Shemsa yekha, mwana wa a Ibraimo ogulitsa mchere ndi nsalu. Ndiye wachiwiri kwa T.

Sindinamufunse, anayamba yekha. Akuti T. anaitanitsa msonkhano Loweruka kuseri kwa miyala. “Aliyense analankhula nthawi yake, aphunzitsi. Kenako tinakweza manja monga mumatiuzira. Ine ndinakana. Ndinati mayeso atsala mwezi umodzi.”

T. anagawa ntchito: wina ufa, wina nkhafi, wina kuzonda njira. Koma Yonasi, wamng'ono pa onse amene asowawa, T. anamukaniza kupita nawo, akuti zaka khumi ndi zitatu n'zochepa. Yonasi ananong'oneza Shemsa kuti akabisala pansi pa ukonde m'ngalawa.

“Ndimayesa akuseka. Ndikanabwera kudzakuuzani.”

Anandiyang'ana kudikira mawu. Zaka zitatu ndakhala ndi yankho pa chilichonse chimene ana awa afunsa. Ndinamufunsa ngati wadya.

Lachisanu, 14 Maio

Galimoto ya asilikali. Mzungu mmodzi, womasulira mmodzi, ena anatsala panja. Atenga buku la maina. Anafunsa kalasi lonse kuti ndani ankadziwa. Chete. Shemsa maso pabolodi.

Womasulira anatembenukira kwa ine: “Sinyoro pulofesoro, akufunsa kuti mtsogoleri wa anawa anamuumba ndani?”

Ndinati ndine.

“Lolemba mukaonekere kuboma ku Metangula.”

Rakele, mkazi wanga, sanalire pamaso panga. Watulutsa jekete langa lakale, akusoka pachigongono. Tonse tikudziwa kuti aphunzitsi awiri amene anaitanidwa mwezi watha sanabwerebe. Ndadya bwino, ndagona masana.

Loweruka, 15 Maio

Asodzi amupeza Yonasi m'mabango, kumpoto kwa mudzi. Ngalawa sinaoneke, anzake sanaoneke. Kaya inagubuduka, kaya anagwamo yekha. Palibe akudziwa.

Ndinathandiza kunyamula. Batani limodzi pamalaya ake linali la mtundu wina. Ndicho chokha ndikukumbukira.

Lamulungu, 16 Maio

Maliro. Kumanda a Hezekiya, bambo ake, anandipatsa buku la mapemphero. “Werengani inu, aphunzitsi. Mwanayu akabwera kunyumba zinali za inu zokhazokha.”

Bola akanandilalatira. Ndawerenga osaphonya liwu, mawu ali mya, ngati ndikuwerengera ana dikitado yoti alembe m'makope.

Pobwerera a Ibraimo anandipeza panjira. Akuti Shemsa sabweranso kusukulu, mawa akumuperekeza ku Maniamba kwa azakhali ake mpaka zinthu zizizire. Ndinati chabwino. Iwo anaimabe pang'ono, mwina amayembekezera kuti ndiwatsutsa. Kale ndikanawatsutsa mpaka dzuwa kupendeka.

Rakele wakazinga chinangwa ndi usipa za paulendo.

Lolemba, 17 Maio, pa Chiwanga, masana

Ndakhala pamthunzi kuti ndilembe izi ndisanalowe m'Metangula. Kope ili ndimusiyira mlamu wanga pano.

Ndinanyamuka m'mawa ndi kathumba. Njira imadutsa kuseri kwa sukulu. Ndinamva chitsulo cha belu chikulira, pamene ine sindinauze munthu aliyense kuti aimbe. Ndinasuzumira pampanda.

Ana ali pamzere, ang'ono kutsogolo. Shemsa waima pamaso pawo atavala kapulana ya paulendo, mtolo wake uli pansi pambali pake. A Ibraimo ali chapatali, manja kumbuyo, sakumuletsa.

Buku la maina lili ndi asilikali, ndiye ankaitana pamtima, mndandanda wake womwewo.

“Alawi.”

“Pulezenti.”

“Lea.”

“Pulezenti.”

Akafika pa dzina la wothawa ankaliitana ndithu, kudikira pang'ono, n'kupitirira. Timoteo, chimodzimodzi. Dzina la Yonasi ndilo lomaliza. Atafika pamenepo anaima. Ana ali duu, kudikira. Kenako anandiona pampanda paja.

“Aphunzitsi, ndimuitane?”

Ndinapezeka ndakhala pansi m'munda wa chinangwa wa eni ake, kathumba pamiyendo, nkhope yonse yanyowa. Ana onse atembenuka kundiyang'ana.

“Muitane,” ndinatero.

Anamuitana.